Mipata ya pa njanji ya bambo

Ku Zomba kulibe njanji. Ukafuna kuona sitima uyenera kutsika mpaka ku Liwonde, ndipo mwina ukaidikirenso tsiku lathunthu. Koma kwathu ku Mbedza, pa khonde la kuseri, panali njanji chaka chimene bambo anga anabwera kudzakhala nafe. Njanji imeneyo inandisowetsa mtendere kuposa nyumba iliyonse imene ndinaikamo magetsi.

Ntchito yanga ndi ya magetsi. Ndimaika mawaya m'nyumba za anthu, ndipo ntchito ikasowa ndimakonza mawailesi ndi masitovu. Ndinenenso pano kuti ndine wamtima wapachala. Anzanga amandiseka kuti ndimayaka msanga kuposa mababu amene ndimaika, ndipo sanama.

Bambo anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse. Anali kapitawo wa gulu lokonza njanji cha ku Nkaya, munthu woyenda wapansi ndi nyundo paphewa, kumagogoda zitsulo n'kumamvetsera ngati bawuti yamasuka. Atapuma anakakhala kumudzi kufupi ndi ku Malosa. Amayi atamwalira, maganizo a bambo anayamba kuwathawa pang'onopang'ono. Poyamba ankangoiwala pamene aika chipewa. Kenako anthu anawapeza m'mbali mwa msewu waukulu akugogoda zitsulo za pa mlatho ndi mwala, akudandaula kuti anyamata awo achedwa. Ine ndi akazi anga tinapita kukawatenga.

Pa katundu wawo panali katoni yomanga ndi khonje, imene ndinaidziwa nditangoiona. Munali kasitima kakang'ono koyendera magetsi, injini yakuda yosapitirira chikhatho changa, mabogi anayi, tizidutswa tambiri ta njanji ndi kabokosi koyendetsera. Anawapatsa ndi injiniya wina pamene ankabwerera kwawo kunja. Ndili mwana sankalola kuti ndiikhudze. Nyumba za ku kampu ya njanji zinalibe magetsi, ndiye kasitimako kanakalamba kasanayendepo m'manja mwawo.

Kwathu bambo sanakhazikike. Ukangopotoloka, atuluka pa geti kukafuna njanji. Tsiku lina tinawasaka mpaka madzulo, ndipo anatibweretsera ndi amayi ena otola nkhuni amene anawapeza akukwera njira ya kuphiri ya ku Mulunguzi. Akazi anga ndi amene anabwera ndi nzeru.

“Munthu akufuna njanji,” anatero. “Nanga m'katonimo muli chiyani? Apatseni njanji yawo.”

Ndinatenga zitseko ziwiri zakale, n'kuziphatikiza, n'kuziika miyendo. Pamwamba pake ndinayala njanji mozungulira ngati bwalo la mpira, n'kuikhomera ndi timisomali. Kayendedwe ka sitima zotere n'kosavuta. Kabokosi kamatsitsa mphamvu ya magetsi a m'nyumba, ndipo kuchokera pamenepo mawaya awiri amapita ku chidutswa chimodzi cha njanji. Magetsi amayenda m'zitsulo za njanjiyo, kuchoka chidutswa ichi kulowa chinacho, kudzera mu tizitsulo tating'ono tolumikizira, ndipo mawilo a injini amawatola m'njiramo. Ndinalumikiza zonse m'masana amodzi, ndikudzitama kuti imeneyi si ntchito yoti n'kuitcha ntchito.

Kasitima katanyamuka, kanyali kake kakuwala, bambo anavula chipewa. Sanaseke, sananene kuti zikomo. Anangokoka mpando n'kukhala, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanatulukenso pa geti.

Koma walira mvula walira matope. Bambo anabwera ndi mwambo wa kuntchito kwawo. Kapitawo akakonzetsa malo pa njanji, sadya mpaka sitima yoyamba itadutsapo bwinobwino, chifukwa ikagwa ndiye woyamba kufunsidwa. Ndiye m'mawa uliwonse ankazungulira thebulo lija akugogoda njanji ndi chogwirira cha supuni, kenako n'kupotoza kabokosi. Sitima ikazungulira n'kubwerera pamene yachokera, ankati, “Yadutsa.” Apo m'pamene ankalandira phala. Tinkaseka mwambo umenewu, poti sitima inkadutsa tsiku lililonse.

Mu Juni munabwera chiperoni. Nkhungu inkatsika kuphiri n'kudzakhala pakhonde mpaka masana, chilichonse chili nyowe. M'mawa wina ndili pa denga la nyumba ya munthu ku tauni, akazi anga anandiimbira foni.

“Sitima yaima pa ngodya ya kutali ija. Agogo akukana phala.”

“Ikankheni ndi chala.”

“Ndayesa. Akuti sitima sakankha, ndipo andithamangitsa pa njanji.”

Ndinasiya ntchito n'kubwerera. Ndinapeza bambo ali chilili pafupi ndi sitima yawo, manja kumbuyo, phala litazizira pa mpando. Nditayeza ndi mita, pafupi ndi kabokosi mphamvu inali yokwanira, koma pa ngodya ija inali yoperewera kwambiri. Pamenepo ndiye panali kutali zedi, ndipo magetsi ankayenera kudutsa malumikizidwe ambiri asanafikepo. Polumikizira paliponse pomasuka pamadya mphamvu pang'ono, ndiye akamafika kumapeto amakhala atatheratu. Ndinati ndi dzimbiri la chinyezi. Ndinapukuta njanji ndi kansalu konyowetsa sipiriti, ndinafinya tizitsulo tolumikizira ndi pulayala, n'kukankha zidutswa kuti zigundane. Sitima inazungulira, bambo anadya.

M'mawa mwake foni inaliranso. Ndi mawa lake. Nthawi iliyonse ndinkapeza zidutswa zatalikirananso, kampata kakang'ono pakati, kolowa chikhadabo. Ndinanena thebulo kuti likufufuma ndi chinyezi. Ndinanena mphaka wa aneba. Ndinanenanso akazi anga kuti amagunda miyendo ya thebulo posesa, ndipo iwo anandiyang'ana ngati ndawatukwanira kwawo.

“Inu mumatuluka tambala asanatsike,” anatero. “Mawa mukhale kaye, muone mphaka wanuyo.”

Ndinakhaladi. Ndinaima pa zenera la kukhitchini, ndi tiyi m'manja. Bambo anatuluka, anazungulira ndi supuni yawo, kenako anatulutsa mpeni wa pathebulo m'thumba la jekete. Anawerama, analowetsa nsonga yake polumikizira, n'kupotoza pang'ono. Anayeza kampatako ndi chikhadabo, anagwedeza mutu, n'kupita pena. Ankachita mosamala kwambiri, lilime lili pakati pa mano. Munthu wanzeru akanaona kuti uyu akugwira ntchito imene akuidziwa. Ine ndinangoona masiku onse amene ndinathawa pa ntchito, makasitomala akundinena kuti ndine wosadalirika.

Sindikumbukira mmene ndinafikira pakhondepo.

“Kani ndinu! Masiku onsewa ine ndikuvutika, inu mukumasula?”

Anandiyang'ana modekha. “Iwe, njanji imafuna popumira. Dzuwa likadzatentha idzatalika. Ukaipanikiza idzapindika, udzapha anthu.”

“Anthu ake ati? Ichi ndi chidole, bambo! Chidole cha ana! Ntchito munasiya kalekale, kunjanjiko palibe amene akukukumbukani!”

Ndinawalanda mpeni uja. Sindinawapemphe, ndinachita kuwatsomphola m'manja, ndipo ndinamva mmene zala zawo zinalili zopanda mphamvu. Anaika manja kumbuyo, n'kuweramitsa mutu ngati wantchito amene akudzudzulidwa pamaso pa anzake.

“Chabwino, bwana,” anatero.

Mawu amenewo akanayenera kundiziziritsa. M'malo mwake anandiwonjezera moto. Tsiku lomwelo ndinatenga chowotcherera ndi mtovu, n'kuwotcherera malo onse olumikizira, limodzilimodzi, mpaka njanji yonse inasanduka chitsulo chimodzi. Nditayeza, mphamvu inali yofanana paliponse. Sitima inathamanga kuposa kale, kanyali kali ngwee. Ndinakawaitana kuchipinda kuti adzaone zimene mwana wawo amatha.

Anazungulira thebulo akusisita njanji ndi chala, akufunafuna mipata yawo. Atasowa ngakhale umodzi, analowa m'nyumba. Anatuluka ndi duku lofiira la akazi anga, analipinda bwinobwino, n'kuliyala pa njanji patsogolo pa injini.

“Njanji yatsekedwa,” anatero, akuuza akazi anga, osati ine. “Pasadutse sitima.”

Ndinkaganiza kuti pofika mawa adzakhala ataiwala, poti ankaiwala ngakhale kuti asamba kale. Sanaiwale. M'mawa uliwonse ankatuluka, kusisita njanji, kukonza duku lija, n'kukhala pa mpando kuilondera. Sitima sinadutse, ndiye phala sankalandira. Akazi anga ankawanyengerera mpaka masana, mwina n'kulandira masupuni atatu, n'kukankha mbale. Ndikachotsa duku n'kuyendetsa sitima pamaso pawo, ankayang'ana kumbali. Imeneyo kwa iwo sinali sitima yodutsa, inali ngozi imene yangochedwa.

Julayi anatha, Ogasiti anatha. Tinapita nawo kuchipatala, anawayeza, anati m'mimba mulibe vuto, matenda a kuiwalawa amatero, tiziwapatsa zimene amakonda. Ndinkawagulira mabulosi a kuphiri ndi nthochi, koma sankalandira chochokera m'manja mwanga. Ndinkapatsa akazi anga kuti awapatse. Lamba wawo ndinamuboola bowo lina ndi msomali, ndipo patapita milungu ingapo ndinaboolanso lina. Ndinkaopa. Ndinkaona kuti bambo anga akutha, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe chimene chikuwathetsa.

“Ingomasulani njanjiyo,” akazi anga ankatero.

“Ndikamasula sitima iima. Ikaima sadyanso. Ndiye ndapindula chiyani?”

Zinali zoona, koma sizinali zonse. Kumasula kunali kuvomera kuti ndinalakwa, ndipo kwathu mwana wamwamuna sanaphunzitsidwe kupepesa bambo ake. Tinaphunzitsidwa kukhala chete mpaka nkhani izilale yokha. Kangapo ndinakhala nawo pakhondepo, ndikufuna kupepesa, koma ndikatsegula pakamwa ndinkangonena za nyengo.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Khonde lathu ndi la malata, ndipo masana ake mumamveka malatawo akulira ndi kutentha. Loweruka lina ndinachotsa duku lija kuti ndiyendetse sitima, injini ingaume ndi kukhala. Inanyamuka bwino, inadutsa mbali yowongoka, ndipo itafika pokhota inadumpha n'kugwera pa simenti, mabogi akuitsatira. Nditayang'anitsitsa, ndinaona kuti njanji yatupa pokhotapo, yazula timisomali n'kupindikira kunja. Chitsulo chinatalika ndi kutentha, matabwa anauma n'kukhwinyata, ndipo panalibe kampata ngakhale kamodzi koti njanjiyo ithawireko.

Bambo anali pampando wawo, anaona zonse. Ndinayembekezera kuti anena kuti, “Ndinkanena.” Ndikanakonda akananditukwana. Anadzuka movutikira, anatola injini ija, anaipukuta ndi malaya, n'kuiika m'thumba la jekete. Kachumuni kake kanali katabenthuka. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, amatero, koma kwa ine anakoma munthu atatha thupi.

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, kuyang'ana kunsi kwa thebulo, ndipo ndinachita manyazi ngati wamagetsi. M'nyumba ya munthu sindinadalirepo chinthu chomasuka kuti chinyamule magetsi kupita kuchipinda china. Ndimayendetsa waya wamkulu, ndipo chipinda chilichonse chimatenga pamenepo. Nanga bwanji apa ndinkakakamiza njanji kuti idzipatsire yokha magetsi? Bambo ankafuna mipata, ine ndinkafuna mphamvu yosadukiza, ndipo kwa miyezi yonseyi ndinkaona ngati mmodzi wa ife ayenera kugonja. Chidutswa chilichonse chikanakhala ndi mawaya akeake ochokera pansi, mipata ikanakhalapo, sitima n'kumayendabe. Ndi nzeru imene ndikanaipeza m'mawa umodzi wa mu Juni, ndikanakhala kuti ndinafunsa m'malo mokuwa.

Ndinauza makasitomala kuti ndadwala. Tsiku loyamba ndinasungunula mtovu wonse uja, kulekanitsa zidutswa, kuzipala, kuwongola zopindika pa thabwa. Kenako ndinalowa kunsi kwa thebulo. Ndinali ndi zotsala za waya wonenepa wa m'nyumba, wofiira ndi wakuda, ndipo ndinawayendetsa awiriwo mozungulira, kutsata njanji ya pamwamba. Timawaya tating'ono ndinatichotsa m'mawailesi akufa amene anadzaza kuchipinda kwanga kogwirira ntchito. Pa chidutswa chilichonse ndinaboola timabowo tiwiri, n'kutulutsa timawaya pamwamba, n'kutiwotcherera m'mbali mwa njanji cha kunja, kuti mawilo asakapunthwe. Wofiira ku chitsulo cha kunja kwa bwalo, wakuda ku cha mkati. Pansipo kawaya kalikonse ndinkakalumikiza ku waya wamkulu wa mtundu wake.

Ndi ntchito yotopetsa, yogona chagada, fumbi la matabwa likugwera m'maso, mtovu wotentha ukudontha pafupi ndi khutu. Pena ndinasemphanitsa, wofiira n'kupita kwa wakuda, ndipo nditayatsa kabokosi kanangolira n'kuzima. Ndinayamba kutukwana, kenako ndinakumbukira amene ali pampando, n'kutseka pakamwa. Ndinafufuza chidutswa ndi chidutswa mpaka ndinapeza polakwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha ndinakuphunzira ndili ndi imvi, pansi pa zitseko ziwiri zakale.

Ndili pansipo, cha bambo chimene ndinkaona ndi mapazi okha. Anali mu patapata, akakolo atawonda ngati a mwana. Tsiku loyamba mapaziwo sanasunthe pampando. Tsiku lachiwiri anayandikira, anaima pafupi ndi mutu wanga kwa nthawi, n'kubwerera. Madzulo a tsiku limenelo ndinamaliza. Ndinalumikiza zidutswa zonse ndi tizitsulo take, osawotcherera, ndipo ndinazisiya zitagundana. Duku ndinalibwezera pamalo pake. Kenako ndinapita kukhitchini, ndinatenga mpeni womwe uja, n'kuuika m'mphepete mwa thebulo pamene ankaika supuni yawo.

M'mawa mwake ndinalowanso pansi, ngati kuti pali chotsala, koma kunena zoona ndinkaopa kuwayang'ana kumaso. Ndinamva patapata akubwera. Anaima. Panapita kanthawi, kenako pamwamba panga panamveka kaphokoso kakang'ono, ka chitsulo chokhudza chitsulo. Mapazi anasuntha pang'ono, kaphokoso kanamvekanso. Ndinagona pamenepo osapuma mokweza, ndikuwerenga, mpaka anazungulira thebulo lonse.

“Amene muli pansinu,” anatero, “tayesani.”

Ndinatuluka. Duku anali atalichotsa n'kulipinda, injini ataiika pa njanji. Mipata inalipo paliponse, yofanana ngati anachita kuyeza ndi lula. Ndinapotoza kabokosi pang'onopang'ono. Sitima inanyamuka, inadutsa mbali yowongoka, inakhota, inafika pa ngodya ya kutali ija, ndipo kanyali sikanaphethire n'komwe. Pa mpata uliwonse mawilo ankalira kuti tike, tike, ndipo bambo ankagwedezera mutu motsatira. Inabwerera pamene inachokera.

“Yadutsa,” anatero. Anatembenukira kukhitchini. “Mayi, phala lija lilipo?”

Akazi anga anabwera nalo akuthamanga, lina likutayikira m'mbale. Bambo anadya lonse, mpaka kupala. Ine ndinanjuta pafupi ndi mpando wawo, ndikudziuza kuti lero ndiye lero, ndinena. Ndinali nditawakonza mawuwo kwa masiku atatu pansi pa thebulo.

“Bambo,” ndinayamba, “tsiku lija ndinakulandani...”

“Apatseni tiyi amisiriwa,” anauza akazi anga. Kenako anandiyang'ana, maso ali phee, mwaulemu umene ankapatsa alendo. “Mwagwira ntchito yabwino, bambo. Akutumani kuchokera ku likulu la njanji ku Limbe?”

Ndinayang'ana akazi anga. Anali atagwira pakamwa.

“Ndili ndi mwana wanga,” bambo anapitiriza, “nayenso ndi wamagetsi ngati inu. Mutu ali nawo, sindinganame. Koma ndi waukali. Anandilanda mpeni.” Anandigwira pamkono, n'kutsitsa mawu. “Akabwera, musamulole akhudze njanjiyi.”

“Sindimulola,” ndinatero.

Anakhala nafe mpaka mvula ya chaka chotsatira. Sitima sinaimenso ngakhale tsiku limodzi, chiperoni kapena dzuwa, ndipo ankadya m'mawa uliwonse. Lamba anabwerera pa bowo lake lakale. Ankandikonda kwambiri, mmisiri wa ku Limbe, ankandisungira ngakhale theka la nthochi. M'mawa uliwonse, asanayambe kugogoda, ankandifunsa ngati mwana wawo uja anabwera. Ndinkawayankha kuti ayi, sanabwere, ndipo ankapuma mosangalala n'kutulutsa mpeni m'thumba.